Paul Ngozi: Mnyamata wa ku Chibolya ndi Gitala Yake

 Nkhani ya lero ndaitola ku Karonga, ngakhale kuti mwini nkhaniyo anali wa ku Zambia.

Tsiku lina masana, dzuwa la ku Karonga lija liri paliwombo, ndinakhala pa khonde la sitolo pafupi ndi pokwerera mabasi kudikira galimoto yopita ku Chitipa. Pambali panga panali anyamata atatu akumvera nyimbo pa telefoni ya m'manja. Inali nyimbo ya ku America, ya mtundu uja woimba amalankhula mothamanga, koma mkati mwake munkatulukira gitala yokalipa ndi mau a munthu woimba m'chinenero chimene aliyense pa khondepo anachimva. Bambo wina wachikulire, amene paunyamata wake anagwirako ntchito ku migodi ya ku Kitwe, anatukula mutu nati, "Ameneyo ndi Paul Ngozi." Anyamata aja anaseka, nati agogo asokoneza, woimbayo dzina lake ndi Tyler. Anatsutsana m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa mpaka galimoto inafika, ndipo panalibe wogonja. Onsewo ankanena zoona, ndipo kuti timvetse m'mene zimenezi zingathekere tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 70.

Paul Dobson Nyirongo anabadwa m'chaka cha 1949, nakulira ku Lusaka, dziko la Zambia likutchedwa Northern Rhodesia. Inu a ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Mzimba dzina lakuti Nyirongo mukulidziwa bwino, ndipo mukaoloka malire kupita ku Lundazi mukalipezanso. Malire amene atsamunda analemba anatsata mitunda yogawa madzi a mitsinje, osafunsa kuti mbumba ya yani iri mbali iti. Ngakhale Kenneth Kaunda, amene alowe m'nkhani yathu posachedwa, bambo ake anachokera kuno: David Kaunda anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali.

Ife a wailesi chaka cha 1949 timachikumbukira pa chifukwa chinanso. Ndicho chaka chimene kunatuluka kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, koyendera batire, kamene kanakonzedwa kuti anthu akuda a maiko athu ano athe kugula. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inkamveka ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zinenero zake. Kumeneko n'kumene kunkagwira ntchito Alick Nkhata, woulutsa mau amene analinso katswiri wa gitala. Motero Paul anali wa m'badwo woyamba wa ana amene anakula nyimbo zikutuluka m'kabokosi, zina za kwao, zina za ku Congo, za ku Joni ndi za kutsidya kwa nyanja, zonse motsatizana.

Malo amene anakulira ndi Chibolya, imodzi mwa makomboni osauka a mu Lusaka, kumene anthu a mitundu yosiyanasiyana anaunjikana pofuna ntchito ya m'tauni. Chinenero chowalumikiza chinali Chinyanja cha m'tauni, chachidule, chotola mau ku Chinsenga, ku Chibemba ndi ku Chingerezi. Aphunzitsi athu a Chichewa akanachilemba ndi inki yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo inenso pamene ndinkaphunzira ntchito ya uphunzitsi ndikanachita chimodzimodzi. Komatu ndi chinenero chimenechi chimene Paul anadzaimbira nyimbo zake zokhalitsa.

Tsono tiyambe talongosola za kaimbidwe kake, popeza ambiri a inu mukamva liu lakuti gitala mumaganiza za ija ya thabwa yokhala ndi mimba, yoimbira pa khonde madzulo. Gitala yamagetsi iribe mimba yotero. Pansi pa nsambo zake zachitsulo pali timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala. Nsambo ikanjenjemera, m'wayamo mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo mphamvuyo imapita ku makina oikuza, kenaka ku chimkuzamau. Okonza makinawo cholinga chao chinali chakuti mau atuluke oyera, monga analowera. Koma oimba anazindikira kuti ukawapatsa makinawo mphamvu yoposa imene angathe kunyamula, mau amaphwanyika, nayamba kusasa ndi kulira nthawi yaitali ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Chimene amisiri ankachiyesa chilema, anyamata anachikonda. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera tizipangizo toponda ndi phazi topangira dala phokoso limeneli, ndipo dzina lake lofala ndi fuzz.

Amene anaonetsa dziko lonse zimene gitala yotere ingachite anali Jimi Hendrix, munthu wakuda wa ku America, amene nthawi zina ankaiimba ndi mano kapena ataiika kumbuyo kwa mutu. Anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27. Chaka chomwecho gulu la anyamata anayi a mu mzinda wa mafakitale wa Birmingham, ku England, linatulutsa chimbale chake choyamba. Gululo linali Black Sabbath, ndipo ambiri amati ndipo panayambira nyimbo zotchedwa heavy metal, ndiye kuti chitsulo cholemera. Woimba gitala wao, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a m'fakitale ya malata ali ndi zaka 17. Anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala ku zalazo, nagwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo pambuyo pake anazifewetsa kuti zisamamupweteke, mwakuti mau a gitala yake anatsika nalemera. Kaimbidwe kake kanali kotenga kachigawo kafupi, kolemera, n'kumakabwereza mpaka kakhazikike m'chifuwa cha womvera.

Taonani tsono kumene nyimbo za ana a m'mafakitale zinakagwera. Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, patangopita miyezi itatu ndi theka ife titalandira wathu, ndipo inali ndi chuma cha mkuwa chimene ife tinalibe. Ku Kitwe, ku Ndola, ku Chingola, ku Luanshya ndi ku Mufulira kunali malipiro a pamwezi, magetsi, maholo ndi mabwalo a zisangalalo a migodi. Mbale za galamafoni zochokera ku England zinkagulitsidwa m'masitolo. Ana a anthu okumba mkuwa anamva Hendrix, Black Sabbath, Deep Purple ndi Rolling Stones pamodzi ndi James Brown, ndipo sanazione ngati zakutali. Mwana wokulira pafupi ndi makina ophwanya miyala safunika kumuphunzitsa kuti phokoso lingakhale ndi kayendedwe kake. Anayamba ndi kutsanzira, monga achitira ophunzira onse, kenaka analowetsamo ng'oma za kwao ndi zinenero zao, ndipo chimene chinatuluka chinatchedwa Zamrock. Magulu ake otchuka anali Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, WITCH la Emmanuel Chanda wodziwika kuti Jagari, Amanaz, The Peace ndi ena.

Paul anayambira m'gulu la ku Lusaka lotchedwa Scorpions, limene lisasokonezedwe ndi lina la dzina lomwelo la ku Germany. Anakhalakonso kanthawi ku Nairobi ndi Musi-O-Tunya, popeza masiku amenewo mzinda umenewo ndiwo unali ndi nyumba zabwino zojambulira nyimbo ndi makina odindira mbale. Atabwerera kwao anakhazikitsa gulu lake, Ngozi Family, Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma, pa gitala ya besi pali Billy Sithenge ndipo pambuyo pake Tommy Mwale. Dzina lakuti Ngozi sindikufunika kulimasulira kwa inu. Amene anamuona pa bwalo amasimba za munthu wosakhazikika malo amodzi, woluma nsambo ndi mano monga Hendrix, ndipo anthu sanachedwe kuiwala kuti ndi Nyirongo.

Zinthu ziwiri zinamuthandiza. Choyamba chinali lamulo la Pulezidenti Kaunda, amene naye ankaimba gitala, lakuti pa wailesi ya dzikolo nyimbo zosachepera 9 pa 10 zirizonse zikhale za ku Zambia komweko. Lamuloli linabwera cha pakati pa zaka za m'ma 1970. Mtsogoleriyo mwina ankaganiza za nyimbo za makolo ndi za chitukuko, koma woulutsa mau amene ali ndi maola ambiri oti adzaze amaika chimene chiripo, ndipo chimene chinalipo chinali cha anyamata a tsitsi lambiri ndi mathalauzi otambasuka kumiyendo. Chachiwiri chinali kampani ya Zambia Music Parlour ya ku Ndola, ya Edward Khuzwayo, imene inkalemba oimba ndi kugulitsa mbale zao, pamodzi ndi kampani ya Teal imene inali ndi makina odindira mbale mu mzinda womwewo.

Mu 1976 kunatuluka chimbale cha Day of Judgement. Mukachimva lero chimene chimayamba kukudabwitsani ndi umphawi wa zipangizo: ng'oma zikumveka ngati ziri m'chipinda chopanda denga, besi ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo pamwamba pa zonse pali gitala ija yosasa, yokuta chirichonse ngati fumbi la mwezi wa October. Palibe zokometsera. Mitu ya nyimbo zina iri m'Chingerezi, koma mulinso Tikondane ndi Kumanda Kwa Bambo Wanga. Imeneyitu ndi mitu imene ikanakhala bwino pa nyimbo za kwaya ya mpingo kapena za woimba bangwe wa kumudzi, ndipo apa m'pamene ine ndimaona nzeru za munthuyu. Anyamata a ku Birmingham ankaimba za nkhondo, za mizimu yoipa ndi za mantha a usiku, zambiri mwa izo zochokera m'mabuku ndi m'makanema. Paul anatenga kulemera komweko nakusenzetsa nkhani za pa khomo: manda a bambo ake, ulesi, miseche, njala ya m'komboni, ukwati wovuta.

Mu 1977 kunabwera 45,000 Volts, chojambulidwa ku Nairobi, chimene ambiri amachiyesa chimbale chake champhamvu koposa. M'menemo muli Nizakupanga Ngozi, mutu umene ife tikanati ndidzakupanga ngozi. Ndi nyimbo ya mwini nyumba wochenjeza mlendo wolongolola kuti akafika pa khomo pake akhale ndi ulemu, asiye kunyamula nkhani za eni. M'zaka zomwezo munatulukanso The Ghetto, chimbale cholongosola moyo wa m'makomboni monga uja anakuliramo, m'mene muli nyimbo monga Bamayo ndi Ulesi Tileke. Gulu lomwelo linathandizanso Chrissy Zebby Tembo kujambula chimbale chake cha My Ancestors, woimba ng'oma akutsogolera ndi mau, Paul akumuperekeza ndi gitala.

Kodi tinganene kuti nyimbo zimenezi ndi heavy metal? Akatswiri okonda kugawa zinthu m'magulu angakane, nati heavy metal yeniyeni ndi ija inadzakula m'zaka za m'ma 1980, yothamanga kwambiri, ya zipangizo zodula. Ine sindilimbana nao. Ndingoti mwa oimba onse a m'chigawo chathu chino amene anaimba m'chinenero chimene inu ndi ine timamva, palibe anayandikira kulemera kwa Black Sabbath kuposa Paul Ngozi, ndipo anachita zimenezi Black Sabbath ikadali pa ntchito, osati patapita m'badwo.

Funso limene limandivuta ndi lina: nanga kuno kwathu bwanji sikunabadwe wotere? Aluso a gitala tinali nao. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald anafika mpaka ku Ulaya, Allan Namoko anagwedeza dziko ndi banjo, Morson Phuka ndi Robert Fumulani anali ndi magulu ao. Koma gitala yamagetsi imafuna magetsi, holo, ndi anthu olandira malipiro oti alipire pa khomo, ndipo anthu athu olandira malipiro ambiri anali kunja, ku Joni, ku Harare ndi ku migodi ya mkuwa komweko. Panalinso malamulo. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lounika zisangalalo ndi zofalitsa, mu 1973 lamulo la kavalidwe, ndipo m'zaka zomwezo tsitsi lalitali la amuna ndi mathalauzi otambasuka kumiyendo zinaletsedwa. Mnyamata wovala monga ankavalira a Ngozi Family akanathera m'manja mwa wometa wa pa chipata cha dziko asanatulutse n'komwe gitala m'thumba. Wailesi inali imodzi, ndipo wailesi ya kanema sinafike mpaka 1999. Lamulo la kavalidwe linachotsedwa mu 1993, Paul atagona kale m'manda zaka zinayi.

Koma mphepo iribe chipata. Wailesi ya munthu wa ku Karonga inkakoka Dar es Salaam ndi Lusaka monga inkakokera Blantyre, ndipo amuna obwerera kuchokera ku migodi kudzera ku Nakonde ndi ku Chitipa ankabwera ndi njinga, makina osokera, magalamafoni ndi mbale m'masutikesi. Bambo uja wa pa khonde anali mmodzi wa iwo.

Nyengo yabwino ya Zamrock inali yaifupi, ndipo chodabwitsa n'chakuti zimbale zake zopambana zinatuluka chuma chitayamba kale kugwa. Malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa mu January 1973, mtengo wa mafuta unakwera chaka chomwecho, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa kwambiri. Njanji ya TAZARA, yochokera ku Kapiri Mposhi kudzera ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam, inatha kumangidwa mu 1975, koma sikanatha kukweza mtengo wa katundu amene inanyamula. Munthu wosowa ndalama ya ufa sagula mbale. Pamwamba pa izo panali nkhondo. Zambia inasunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo asilikali a Ian Smith anabwezera ndi mabomba. Mu October 1978 anaphulitsa misasa ya ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi ya ku Mkushi, ndipo pa chipwirikiti cha ku Mkushi anaferapo Alick Nkhata uja, amene anali atapuma pa ntchito ya wailesi. Boma linalamula kuti magetsi azizimitsidwa ndipo anthu asamayende usiku. Magulu oimba, amene chakudya chao chinali cha usiku, anayamba kuimba masana kwa anthu ochepa.

Kenaka kunabwera disiko, imene inafuna munthu mmodzi ndi makina ake m'malo mwa gulu lathunthu, ndiponso makaseti, amene aliyense ankatha kujambula osalipira mwini nyimbo. Makutu a anthu anatembenukira ku kalindula, nyimbo zozikidwa pa magule a kumidzi, za oimba monga P. K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Paul sanaleke. Anapitiriza kupeka ndi kujambula m'zaka za m'ma 1980, akutsamira kwambiri pa Chinyanja ndi pa nkhani za m'mabanja, ndipo anthu ambiri a ku Zambia amamukumbukira monga mlangizi wolankhula mosabisa kuposa monga katswiri wa fuzz.

Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Zinali zaka zimene matenda a Edzi ankakolola oimba a m'badwo wake mmodzimmodzi, mwakuti magulu ena anatha pafupifupi onse. Mwa amene anayambitsa WITCH, wotsala ndi Jagari yekha. Kaunda mwini anauza dziko lonse mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo anafa ndi matendawa, pa nthawi imene atsogoleri ambiri sankafuna ngakhale kuwatchula dzina. Inu a ku Karonga nkhani imeneyi simuimva ngati ya kwa eni. Ofufuza za khate amene anayamba ntchito ku Chilumba mu 1979 ankasunga madontho a magazi pa timapepala, ndipo atadzawayeza pambuyo pake anapeza kuti kachilomboka kanali kale m'bomali mu 1982, zaka zitatu Malaŵi asanalengeze wodwala wake woyamba. Misewu imene inabweretsa mbale ndi mawailesi inanyamulanso zina.

Kwa zaka pafupifupi 20 nyimbozi zinakhala ngati zaiwalika. Makina odindira mbale ku Ndola anaima, matepi ambiri oyambirira anatayika kapena kuonongeka, ndipo mbale zinatsala m'makatoni pansi pa mabedi. Jagari, amene kale ankadzaza maholo, anaphunzitsako sukulu, kenaka anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Ku Lusaka dzina la Paul linatsala pa chikwangwani cha msewu wina wa ku Kabwata.

Oziukitsa anachokera kutali. Osonkhanitsa mbale zakale a ku Germany ndi ku America anayamba kuzifunafuna, ndipo kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, mothandizana ndi Rikki Ililonga ndi Jagari, inayamba kuzitulutsanso. Day of Judgement inatulukanso mu 2014, ndipo mu 2017 kunabwera zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock, zosonkhanitsa magulu ambiri. WITCH inadzukanso niyamba kuyendera maiko, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Sampa the Great, woimba wobadwira ku Zambia, analemekeza m'badwo umenewu m'nyimbo yake ya Never Forget mu 2022. Ntchitoyi njoyamika, koma sindingabise kuti imandichititsa manyazi pang'ono. Nyimbo zoimbidwa m'chinenero chathu zinafunika kupita ku Los Angeles kuti zidzatipeze ife pa mtunda wa ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kumene zinabadwira. Ndipo ndikamanena izi ndimaganiza za matepi a oimba athu a kuno, a Namoko ndi a Kachamba ndi ena osatchuka, ndi za chinyontho ndi chiswe.

Mu October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, ya m'chimbale chake cha Chromakopia, chimene chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri m'dzikolo. Nyimboyo ikukamba za munthu wotchuka amene sapeza mtendere ngakhale m'nyumba mwake, poopa maso ndi makamera a anthu. Pofuna mau omuthandiza kunena zimenezi, Tyler anatenga gitala ndi mau a mu Nizakupanga Ngozi, dandaulo lija la mwini nyumba wa ku Lusaka wotopa ndi alendo amiseche, nazilumikiza ndi zake. Ndiyo nyimbo imene anyamata aja ankamvera pa khonde, patapita zaka 47 chijambulireni ku Nairobi.

Titakwera galimoto, mmodzi wa anyamatawo, amene anakhala mpando woyandikana ndi wanga, anafufuza pa telefoni yake maina a opeka nyimboyo. Anapeza awiri. Loyamba linali Tyler Okonma, dzina lenileni la woimba wao uja. Lachiwiri analiwerenga kawiri, natembenukira kumbuyo kumene kunakhala bambo aja, nafunsa kuti, "Agogo, Nyirongo ameneyu ngwakuti?" Bamboyo anayamba kulongosola tikudutsa pa mlatho wa Rukuru, ndipo pofika m'mapiri anali asanamalize.